M'mphepete mwa Munda Muli Eni Ake

Nkhani yokambidwa kwa Akhristu a mipingo yosiyanasiyana ku bairro ya Francisco Manyanga, mumzinda wa Tete

Dzuwa la kuno ku Tete silinyengerera munthu, ndipo malata ali pamwambapa ayamba kale kutiwotcha, choncho ndilowa m'nkhani osazungulira. Mwandipempha kuti ndifotokoze zimene Chikhristu chimaphunzitsa pa za kuthandiza osowa. Ndiyankhula Chinyanja, popeza ambiri muno tinachita kutsika kuchokera ku Angónia, ku Tsangano, ku Macanga ndi ku Zóbuè. Abale athu Anyungwe, eni ake mzinda uno, mupirire nane. Zilankhulo zathu n'zapachibale, timvana.

Ife tikukhala m'mbali mwa msewu waukulu. Malole ochokera kudoko la Beira ndi ku Zimbabwe, opita ku Malawi ndi ku Zambia, amawolokera Zambezi pano. Mlatho wa Samora Machel wakhala ukusenza katunduyu kuyambira 1973, ndipo mu 2014 anatsegula wa Kassuende kuti woyambawo upumuleko. Pa 24 Marichi 2020, pa sikelo ya malole ku Mussacama, m'boma la Moatize, anaimitsa lole yochokera ku Malawi. Atatsegula kontena anapezamo mitembo 64 ya anthu amene anafa chifukwa chosowa mpweya. Amoyo anali 14 okha. Anthuwo anali ochokera ku Ethiopia, paulendo wokasaka ntchito ku South Africa, ulendo womwewo umene ana athu ena amayenda. Aliyense wa iwo anasiya mayi kwawo amene ankadikira foni.

Katswiri wa malamulo atafuna kudziwa kwa Yesu kuti mnansi wake ndi uti, m'mutu 10 wa Luka, Yesu anamutengeranso kumsewu, wotsika kuchokera ku Yerusalemu kupita ku Yeriko. Nkhaniyo timaidziwa kuyambira tili ana, n'chifukwa chake sitiimvetseranso. Wansembe ndi Mlevi anamuona munthu wovulalayo. Maso awo anali bwinobwino. Amene anaima anali Msamariya, munthu wa mtundu wonyozedwa, amene akanagona yekha pamsewupo mwina palibe akanamutola. Taonani kuchuluka kwa zimene anachita. Anatsuka mabala ndi mafuta ndi vinyo wa pa ulendo wake, anatsika pa bulu n'kuyenda pansi, anagona naye kunyumba ya alendo, m'mawa anasiya malipiro a masiku awiri, nalonjeza kudzabweranso kudzalipira zotsala. Kubwereranso kumeneku ndi kumene kumatigonjetsa ife. Kuponya mametikale 10 pawindo la galimoto n'kosavuta, ndipo sindikunyoza. Koma kubwerera sabata yamawa kukafunsa ngati bala lapola, pamenepo ambiri timapeza chifukwa chotanganidwa.

Komabe mfundo imene ndabwera nayo lero ndi yakale kuposa fanizoli, ndipo ndi yowawa kuposa pamenepa. Timaganiza kuti tikapatsa wosauka tamukomera mtima ndi zathu. Malemba amaona mwina. Mu Levitiko 19 mlimi analamulidwa kuti pokolola asamalize mpaka m'mphepete mwa munda, ndiponso asabwerere kukatola zimene zagwa. Zimenezo zinali za wosauka ndi za mlendo. Mu Deuteronomo 24 akuwonjezapo mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye. Limeneli linali lamulo, ndipo mwini munda amene akanasesa zonse akanakhala atatenga za eni. Rute, mkazi wamasiye wa ku Mowabu, mlendo m'dziko la Yuda, atalowa m'munda wa Boazi sankapemphetsa. Ankatola gawo lake, ndipo ankalitola ndi thukuta lake, mutu uli chiimire.

Ife a ku Angónia sitifunika kufotokozeredwa zambiri. Kukunkha timakudziwa. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, mbatatesi ikakumbidwa, agogo ndi ana ankalowa m'munda kutola zotsala, ndipo mwini munda wowathamangitsa ankatchuka m'mudzi monse kuti ndi woumira. Makolo athu anali nalo lamulo limeneli Baibulo lisanafike kumishoni ya ku Lifidzi kapena ya ku Mphatso. Vuto lathu n'lakuti tinasamukira mumzinda, ndipo mumzinda mulibe mphepete mwa munda. Malipiro amalowa mu foni, amatuluka mu foni, palibe kambewu kogwa pansi koti wina atole. Ndiye funso limene ndikufuna tilimbane nalo ndi ili: kuno ku Francisco Manyanga, mphepete mwa munda wathu ndi pati?

Atate a mpingo akale ankaphunzitsa zomwezi. Basil, episkopi wa ku Kaisareya m'dera la Kapadokiya, anakumana ndi chilala choopsa cha m'zaka za 368 ndi 369. Olemera anatseka nkhokwe zawo kudikira kuti mtengo ukwere. Iye anagulitsa chuma chimene makolo ake anamusiyira, nayamba kuphikira anthu, kenako namanga kunja kwa mzinda nyumba za odwala, za alendo ndi za akhate. M'maulaliki ake ankawauza eni nkhokwe kuti chakudya ndi zovala zimene akungozisunga osazigwiritsa ntchito zili ndi eni ake, anjala ndi ausiwa. Ife amene tinaona chilala cha 2024, pamene mvula inadula kuno, ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe, tikudziwa kuti mtima wodikira mtengo sunafe. Amene anagula chimanga motchipa kwa alimi nthawi yokolola, n'kudzawagulitsa alimi omwewo pa mtengo wowirikiza njala itafika pachimake, ena mwa iwo amakhala pa benchi yakutsogolo Lamulungu.

Ndilowe m'nyumba zathu tsopano, ndipo mundikhululukire ndikaponda pachilonda. Mphepete yoyamba ya munda wathu ndi malipiro a amene amatigwirira ntchito. Nonse mukumudziwa mtsikana uja. Anamutenga kumudzi ali ndi zaka 13 kapena 14, makolo ake atauzidwa kuti akukaphunzira mumzinda. Amadzuka nkhuku zisanalire, kusesa, kutunga madzi, kusambitsa ana a m'nyumbamo, kuwaperekeza kusukulu atawanyamulira zikwama, iye n'kubwerera kukachapa. Amadya womaliza, ataima kukhitchini, ndipo amagona pamphasa pafupi ndi mbaula. Mwezi ukatha, mayi wa pakhomopo amamuuza kuti ndalama zake akumusungira. Chaka chikatha amamugulira chitenje ndi nsapato zapulasitiki. Alendo akabwera amamutcha mwana wathu. Mayi yemweyo sajomba kumsonkhano wa amayi, ndipo akamasonkha za odwala dzanja lake ndi loyamba kutuluka.

Sindikuti mayiyo ndi mfiti. Mwina nayenso zikumuvuta. Koma Deuteronomo 24 imanena kuti waganyu wosauka alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, chifukwa moyo wake wadalira pamenepo. Kalata ya Yakobo, m'mutu 5, imayerekeza malipiro obisidwa ndi munthu wofuula mpaka Mulungu kumva. Mu 1891 Papa Leo XIII analemba kalata yotchedwa Rerum Novarum, nthawi imene mafakitale a ku Ulaya ankafinya antchito. Mwa zina anaphunzitsa kuti ngati munthu wavomera malipiro osakwanira chifukwa choti njala yamupanikiza, kuvomerako sikuyeretsa bwanayo. Choncho mawu athu aja akuti tinagwirizana, sindinamukakamize, alibe mphamvu. Mlonda amene amagona panja kutilondera, mnyamata wotinyamulira thumba la makala ku msika wa Kwachena, mayi wotichapira, tikawadyera masuku pamutu kenako n'kukaponya chopereka chonona, tapereka ndalama za eni.

Ena mukuti, nanga opemphetsa achinyengo? Alipo. Lachisanu lililonse timaona okalamba ndi akhungu otsogozedwa ndi ana akuyenda sitolo ndi sitolo, ndipo pakati pawo simulephera kukhala wina amene anapeza kuti kupempha kumalipira kuposa khasu. Paulo yemwe, m'kalata yachiwiri kwa Atesalonika, anadzudzula anthu okana ntchito amene ankadyera abale awo. Kufufuza si tchimo. Koma kuti udziwe woona ndi wonama uyenera kumudziwa munthuyo, kumene amagona, amene amamusamala, chimene chinamugwetsa. Ambiri amene timati tikuopa kunamizidwa sitinayendepo n'kamodzi komwe kukaona. Ndipo kamwana kamene kakutsogolera wakhunguyo pa 10 koloko m'mawa kanayenera kukhala m'kalasi. Ameneyo sananamize munthu.

Mpingo woyamba unakumana ndi nkhani yofanana ndi yathu kuposa momwe timaganizira. Mu Machitidwe 6 munabuka dandaulo ku Yerusalemu. Akhristu olankhula Chigriki anaona kuti amasiye awo akudumphidwa pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku, pamene amasiye a eni mzinda akulandira. Atumwi sanawauze odandaulawo kuti akusokoneza mpingo. Anaitanitsa msonkhano, ndipo anthu anasankha amuna 7 oti ayendetse ntchitoyo. Mukawerenga mayina awo, kuyambira Stefano ndi Filipo mpaka Nikolao, onse ndi mayina Achigriki. Thumba analipereka m'manja mwa mbali imene inkadandaula. Muno mu Tete timapemphera m'Chinyungwe, m'Chinyanja, m'Chisena, m'Chishona ndi m'Chipwitikizi. Maliro a munthu wa kwathu tikamva timathamanga ndi ufa ndi nkhuni. Maliro a mnansi wa khomo loyandikana, wa chilankhulo china, timangosuzumira pampanda. Ndikufunsa akuluampingo: m'kaundula wa amene mpingo wanu unawathandiza chaka chatha, alipo angati amene si a mtundu wa msungichuma?

Ife a m'chigawo cha Tete tili ndi ngongole imene sitingaikane. Nkhondo yapachiweniweni ya zaka 16 itakula, anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi, dziko laling'ono ndi losauka. Ambiri a ku Angónia ndi ku Tsangano anangowoloka msewu n'kulowa m'midzi ya ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo kumeneko anthu anawapatsa pomanga kanyumba, nkhuni, madzi ndi manda oikamo akufa awo. Ena muno munabadwira kumeneko, ena munaphunzira kuwerenga kumeneko. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo pakati pa ankhoswe panali gulu la Akhristu la Sant'Egidio ndi Dom Jaime Gonçalves, episkopi wamkulu wa ku Beira. Sizinathere pomwepo. Mu 2016 anthu oposa 10,000 ochokera kuno anathawiranso ku Kapise, m'boma la Mwanza, ndipo ena anawasamutsira ku Luwani. Tsono Mmalawi akabwera kuno kudzafuna ganyu, ife n'kumamulipira theka chifukwa alibe mapepala ndipo sangakadandaule kulikonse, timaiwala msanga bwanji? Israele ankakumbutsidwa kawirikawiri kuti asazunze mlendo popeza nayenso anali mlendo ku Ejipito. Kwa ife Ejipito ameneyo ali pa Dedza pomwepa.

Pa ngozi zazikulu timayesetsa, ndipo apa ndiyamike. Mu Marichi 2019 mtsinje wa Revúbuè utasefukira n'kumiza nyumba ku Chingodzi, mipingo inasonkha zovala ndi ufa. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula mlatho wa pa Revúbuè wolumikiza Tete ndi Moatize, ndipo mkulu wa boma la Tete, a José Maria Mandere, anakokoloka ndi madzi ali paulendo wokaona zimene zawonongeka. Masiku ngati amenewo mitima imatseguka yokha. Chimene chimatipambana ndi umphawi wachete, wa gogo wolera adzukulu anayi, wa wodwala amene wasiya kumwa mankhwala chifukwa amamupweteka m'mimba mopanda kanthu. Amenewa sadzatuluka pa wailesi. Ndipo popeza ndatchula zotuluka, ndinene mwachidule za chizolowezi chatsopanochi chojambula gogo atagwira thumba la ufa n'kumuika pa Facebook. Mateyu 6 inaletsa kale kuliza lipenga popereka. Gogoyo mwamupatsa ufa wa sabata imodzi, koma manyazi mwamupatsa a chaka chonse.

Pali mphepete ina ya munda imene munthu mmodzi sangaisiye yekha, chifukwa mundawo ndi waukulu. Chigawo chathu n'cholemera. Damu la Cahora Bassa limapanga magetsi ochuluka, ambiri amapita ku South Africa, pamene midzi yambiri ya m'chigawo chomwechi ikugonabe mumdima. Pansi pa Moatize pali malasha amene anakopa makampani a kutali. Kampani ya Vale isanayambe kukumba mu 2011, mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa, ena kupita ku 25 de Setembro, oposa 700 kupita ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku tauni ya Moatize. Anthu amene ankalima m'mbali mwa mtsinje, kuwumba njerwa ndi kugulitsa pamsika wapafupi, anapezeka kutali ndi msika, akudandaula za nthaka yosabereka ndi nyumba zong'aluka. Mu Januwale 2012 anatseka njanji ya sitima za malasha kuti amveke. Mgodiwo unagulitsidwa kwa kampani ya Vulcan mu 2022, koma anthu ali komweko. Mungatumize matumba angati a ufa ku Cateme kuti alowe m'malo mwa dimba? Apa chifundo chimafuna pakamwa. Mneneri Amosi anali woweta nkhosa wamba, koma anaima ku Betele n'kudzudzula olemera opondereza aumphawi ndi amalonda achinyengo pa miyeso, mpaka wansembe wa pamalopo anamuuza kuti abwerere kwawo.

Amene amati mpingo uzingopemphera, za dziko uzisiye, sadziwa mbiri ya malo amene akhalapo. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a boma la atsamunda anapha anthu osachepera 385 ku Wiriyamu, ku Chawola, ku Juwau ndi midzi yoyandikana, ulendo wosakwana ola limodzi pa galimoto kuchokera pamene takhala pano. Cholinga chinali choti nkhaniyo ikwiririke pamodzi ndi anthuwo. Opulumuka ena anafika kuno ku Tete ali ndi mabala. Amishoni a ku Spain otchedwa ansembe a Burgos, mothandizana ndi Akhristu a konkuno, anamvetsera opulumukawo, nalemba mayina a ophedwa mmodzimmodzi, natulutsa mapepalawo kunja kwa dziko. Pa 10 Julaye 1973 wansembe wa ku England, Adrian Hastings, anafalitsa nkhaniyo mu nyuzipepala ya The Times ku London. Boma la Portugal linakana. Patapita zaka pafupifupi 50, mu Seputembala 2022, nduna yaikulu ya dzikolo, António Costa, inavomereza ku Maputo kuti chimene chinachitika ku Wiriyamu n'chosakhululukika. Olemba mayina aja analibe ufa woti agawe. Anali ndi pensulo ndi makutu, ndipo ntchito yawo ndimaiika pamodzi ndi ya Msamariya uja.

Mtengo wake umakhala wokwera nthawi zina. Pa 30 Okutobala 1985, ku Chapotera pafupi ndi Lifidzi, anthu amfuti anatenga usiku ansembe awiri Achijezuiti, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angónia, ndi Bambo Sílvio Alves Moreira wa ku Portugal, nawapha. Iwo anali atasankha kukhalabe ndi anthu awo nkhondo ili mkati. Dayosizi ya Tete inayambitsa ndondomeko yopempha kuti atchulidwe odala. Ambiri a ife sadzatipempha magazi. Chimene akutipempha n'chochepa kwambiri: kupita kumsonkhano wa bairro, kufunsa mwaulemu kuti mndandanda wa olandira thandizo unalembedwa bwanji, kukana kulembetsa mlamu wathu wamphamvu zake pamalo a gogo wosayenda.

Mu Mateyu 25, pa chiweruzo chomaliza, mafunso ake ndi a chakudya, madzi, chovala, mlendo, wodwala ndi wandende. Za kukula kwa tchalitchi mulibemo. Ndikunena izi chifukwa mumzinda muno mwadzaza ziphunzitso zouza wosauka kuti abweretse kandalama kake komaliza ngati mbewu, Mulungu amubwezera galimoto. Mayi amagulitsa mbuzi yake imodzi yokhayo, mlaliki n'kusintha matayala. Paulo atasonkhetsa ndalama ku Makedoniya ndi ku Korinto, zinkachoka kwa amene ali nazo kupita kwa osauka a ku Yerusalemu, ndipo anaonetsetsa kuti mipingo isankhe anthu oyenda nazo kuti pasakhale womukayikira. Ndalama za mpingo zikamayenda chokwera, kuchoka kwa wosauka kupita kwa wovala suti, ndipo palibe wololedwa kuona kaundula, dziwani kuti zasokonekera.

Nanga tiyambire pati? Mu 1977, sukulu ndi zipatala za mishoni zitatengedwa ndi boma ndipo amishoni ambiri atachoka, Akatolika a dziko lino anakumana ku Beira n'kugwirizana kuti mpingo uzikhazikika pa timagulu ta Akhristu a m'dera limodzi, aliyense ndi udindo wake. Mipingo ina ili ndi magulu ake a amayi, a abambo ndi a achinyamata. Zida tili nazo kale. Gulu lililonse litenge kope, liyende khomo ndi khomo m'dera lake, lilembe okalamba okhala okha, ana amene sakupita kusukulu ndi odwala osowa wowaperekeza kuchipatala, osafunsa kuti amapemphera kuti kapena amalankhula chiyani. Boma, kudzera ku bungwe lake la INAS, limapereka kandalama kwa okalamba ndi olumala osowa. N'kochepa ndipo kamachedwa, koma ndi kawo, ndipo ena sakalandira chifukwa alibe chitupa kapena wowaperekeza ku ofesi. Wachinyamata wodziwa Chipwitikizi akhoza kuthera m'mawa umodzi pa mzere ndi gogo. Thumba la osowa likhale ndi osunga awiri kapena atatu a zilankhulo zosiyana, ndipo liziwerengedwa poyera mwezi ndi mwezi.

Koma kope lisanagulidwe, mwezi ukutha. Amene muli ndi wantchito pakhomo, khalani naye pansi sabata ino, muwerengere pamodzi miyezi imene mwakhala mukumusungira, mumupatse ndalama zake m'manja. Ngati ndi mwana wa msinkhu wa sukulu, kamulembetseni.